Alonda Osalankhula: Kuchokera ku Mbalame ya M'mgodi Kufika ku Tizilombo Toŵala

Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa nkhani ya chiphe mawu ameneŵa ndi oona kwenikweni. Pali ziphe zina zimene zilibe fungo, zilibe mtundu, ndiponso sizimveka pa lilime. Munthu amazipuma pamodzi ndi mpweya, kapena kuzimwa m'madzi oyera mbee, ndipo pamene thupi liyamba kudandaula nthaŵi yothaŵa imakhala itapita kale. Lero tifuna kutsata mbiri ya njira imodzi imene anthu anapeza yodziŵira chiphe chotere chisanawaphe, ndiyo yotsogoza cholengedwa china chamoyo, chosalimba ngati munthu, kuti chiyambe ndi icho kumva ululu. Mbiriyi iyambira m'migodi ya malasha ya ku Britain, ndipo itifikitsa ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene kuŵala kwake kumaulula za madzi oipa.

Mwezi wa Januwale m'chaka cha 1896, mgodi wa malasha wa ku Tylorstown, m'chigwa cha Rhondda ku Wales, unaphulika ndipo amuna 57 anafa. Ngozi zotere sizinali zachilendo masiku amenewo. Ifenso kuno sitifunika kuuzidwa kuopsa kwake, pakuti pa 6 Juni 1972 mgodi wa Wankie, kumene lero kukutchedwa Hwange ku Zimbabwe, unapha anthu 427, ndipo ena mwa iwo anali abale athu ochokera ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique. Chimene chinasiyanitsa ngozi ya ku Tylorstown ndi zinzake nchakuti kunapita dokotala wina wa ku Oxford, wobadwira ku Edinburgh m'chaka cha 1860, dzina lake John Scott Haldane, amene analemba lipoti lopita ku boma.

Anthu ambiri ankakhulupirira kuti ofera m'mgodi wophulika amaphedwa ndi moto kapena ndi kugwa kwa miyala. Haldane anatsikira pansi, napima mitembo ya anthu ndi ya akavalo amene ankakoka ngolo za malasha. Anaona kuti ambiri analibe bala lakupha. Anagona ngati ali m'tulo, milomo yawo ili yofiira ngati ya munthu wathanzi, magazi awo ali ofiira psuu. Iye anauzindikira mtundu umenewo. Ndiwo mtundu wa magazi amene amwa mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene umapangika pamene malasha kapena makala ayaka mopereŵera mpweya wabwino. Ndi mpweya womwewo umene m'nyengo yachisanu ya Juni ndi Julaye umapha anthu amene agona ndi mbaula m'nyumba yotseka. M'magazi mwathu muli chinthu chofiira chimene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita m'thupi lonse. Carbon monoxide amakanirira ku chinthu chimenechi mwamphamvu yoposa ya okosijeni nthaŵi 200 ndi kupitirira, kotero kuti munthu amabanika ngakhale akupuma. Amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka miyendo imalefuka, ndipo amagwa akudziŵa kumene kuli khomo koma osatha kukafikako.

Tanthauzo la zimene Haldane anapezazi linali lomvetsa chisoni: ambiri mwa amuna aja anakhalabe ndi moyo kwa kanthaŵi mgodi utaphulika kale, ndipo chinawamaliza chinali mpweya umene sanathe kuuzindikira. Sikuti analibiretu mlonda ayi. Kuyambira m'chaka cha 1815 anali ndi nyale ya Humphry Davy, imene laŵi lake linkasintha maonekedwe pakakhala mpweya wophulika, ndipo linkazima pakasoŵa okosijeni. Koma pa carbon monoxide nyale imanama. Imayakabe bwinobwino pamalo pamene munthu sangathe ola limodzi ali moyo.

Haldane sanali munthu wokhutira ndi za m'mabuku. Chaka chimodzi ngoziyo isanachitike, mu 1895, iye anali atapuma dala mpweya umenewu pang'onopang'ono, akulemba mmene akumvera m'thupi ndi kudzitenga magazi kuti aone kusintha kwa mtundu wake. Anayesanso mpweya womwewo pa mbeŵa. Kanyama kakang'ono kamapuma mofulumira ndipo magazi ake amazungulira mofulumira, motero chiphe chimene chimatenga mphindi pafupifupi 20 kuti chigwetse munthu chimagwetsa mbeŵa m'mphindi ngati imodzi. Kusiyana kumeneku ndiko mpata wothaŵira. Chotero Haldane analangiza kuti oloŵa m'mgodi muli ngozi azinyamula kanyama kakang'ono m'kakhola, ndipo kakagwa azibwerera msanga.

Mbeŵa inali ndi vuto lake. Ikadwala imangodzipinda pangodya, ndipo mumdima nkovuta kudziŵa ngati yagona, yachita mantha, kapena yaledzera ndi chiphe. Ntchitoyi tsono inagwera kambalame kachikasu, kamsinkhu wa mpheta, kotchedwa canary, kamene makolo ake kwawo ndi ku zisumbu za Canary, Madeira ndi Azores, ndipo kanali koŵetedwa kale m'nyumba zambiri za ku Ulaya chifukwa cha kuimba kwake. Mapumidwe a mbalame ndi osiyana ndi athu. Pambali pa mapapo ili ndi timatumba ta mpweya, kotero kuti mpweya watsopano umadutsa m'mapapo ake pamene ikukoka mpweya ndi pamene ikuutulutsa pomwe. Kapangidwe kameneka, kamene kamaipatsa mphamvu youlukira, ndi komwe kamaichititsa kumwa chiphe msanga. Ndiponso mbalame sibisa matenda: imayamba kudzandira pa kamtengo kamene yatera, kenaka nkugwa, ndipo aliyense amaona.

Kuyambira cha m'ma 1911 malamulo a ku Britain anafuna kuti pa migodi pazisungidwa mbalame kapena mbeŵa za ntchito imeneyi. Anthu ambiri amaganiza kuti wokumba malasha aliyense ankatsika ndi mbalame yake tsiku ndi tsiku, koma kwenikweni zinali za magulu opulumutsa anzawo, amene ankaloŵa pansi moto ukabuka kapena mgodi ukaphulika. Ndipo tisaganize kuti mbalamezo zinkangosiyidwa kuti zife. Panapangidwa kabokosi kagalasi kokhala ndi kachitseko kozungulira, pamwamba pake pali kabotolo kachitsulo ka okosijeni. Mbalame ikagwa, munthu ankatseka kachitseko, natsegula okosijeni, ndipo kaŵirikaŵiri inkatsitsimuka ndi kubwerera pa kamtengo kake. Limodzi la mabokosi ameneŵa likusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale za sayansi ku Manchester. Wina anganene kuti kunali kusamala chuma chabe, popeza mbalame inkagulidwa ndi ndalama. Koma munthu amene ali m'kati mwa utsi, moyo wake uli pachiswe, naima kuti atsekere kambalame chitseko, wachita zoposa kusamala chuma. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo amuna aja ankadziŵa zimenezo.

M'mwezi wa Disembala 1986 kunalengezedwa kuti mbalame zotsala m'migodi ya ku Britain, zimene zinali ngati 200, zipumitsidwa ntchito, ndipo malo ake atengedwa ndi timakina tamagetsi tonyamula m'manja. Pa ntchito ya m'mgodi kusinthaku kunali koyenera, chifukwa mipweya yoopsa ya m'mgodi ndi yoŵerengeka ndipo mayina ake ndi odziŵika. Koma pano pali mfundo imene nkhani yathu yonse yatsamirapo. Makina amayankha funso lokhalo limene anapangidwira: kodi muno muli carbon monoxide? Akakumana ndi chiphe china chimene wowapanga sanachiganizire, amangokhala chete. Cholengedwa chamoyo chimayankha funso lalikulu koposa: kodi muno ndi mokhalika? Ndipo pamene tichoka m'mgodi ndi kufika kumtsinje, kumene kumathera zotayidwa za m'mafakitale, mankhwala a m'minda ndi zonyansa za m'mizinda, mitundu zikwizikwi yosakanikirana, funso lachiŵirili ndilo lofunika.

Msodzi aliyense amene anaonapo nsomba zikuyandama pa dziŵe lothiridwa katupe amadziŵa kuti nsomba ndi mboni ya madzi. Akatswiri anasandutsa nzeru yomweyi kukhala muyeso wa m'labotale. Ankatenga madzi okayikitsa, nawasungunula ndi madzi abwino m'miyeso yosiyanasiyana, naikamo nsomba, nadikira maola 96, kenaka nkuŵerenga zakufa. Njirayi ndi yoona koma ndi yochedwa. Masiku anayi ndi ambiri. Madzi amene munatunga Lolemba, pofika Lachisanu anzake apita kale kutali ndipo anthu amwa. Imafunanso matanki, chakudya cha nsomba ndi antchito, ndiponso imapha nsomba zambirimbiri. Panafunika mboni ina yaing'ono, yotchipa ndi yofulumira kuyankha.

Kuti tiipeze mboni imeneyo tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka mazana atatu. M'chaka cha 1667, ku Oxford, Robert Boyle anachita chidwi ndi chinthu chimene anthu akhala akuchiona ndi kuchiopa kuyambira kale: chikuni chofumbwa kapena nsomba yoyamba kuola zimene zimaŵala mumdima popanda moto. Anaziika m'chiŵiya chagalasi napopa mpweya wonse kuutulutsa, ndipo kuŵalako kunazilala. Atabwezeramo mpweya, kunayambanso. Boyle sanadziŵe za okosijeni, ndipo mabakiteriya anali asanaonedwe ndi munthu aliyense, pakuti Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft anadzawaona ndi galasi lake m'chaka cha 1676. Komabe iye anali ataona chinthu chachikulu, chakuti kuŵala kumeneku kumafuna mpweya monga mmene moyo umaufunira. Panapita zaka ngati mazana aŵiri anthu asanatsimikize kuti pa nsomba ya m'nyanja yamchere chimaŵala si nsombayo ayi, koma mabakiteriya amoyo amene akuswana pa khungu lake.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Mfalansa wina, Raphaël Dubois, anasonyeza kuti zamoyo zoŵala zimasakaniza zinthu ziŵiri, china chonga mafuta ndi china chonga choyatsira, ndipo anazitcha luciferin ndi luciferase. Pa chionetsero chachikulu cha ku Paris m'chaka cha 1900 iye anaunikira chipinda ndi mabotolo odzaza mabakiteriya oŵala. Chimenecho chinali chodabwitsira anthu. Amene anasandutsa kuŵalaku kukhala chida choyezera anali Martinus Beijerinck, nayenso wa ku Delft. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 iye anasinja masamba obiriŵira, nasakaniza madzi ake ndi mabakiteriya oŵala m'botolo lotseka, nadikira mumdima kufikira okosijeni yense atatha ndipo botolo lada bii. Kenaka anayatsa machesi pafupi. Kuunika kochepa kumeneko kunakwanira kuti zobiriŵira za m'masamba zitulutse okosijeni pang'ono, ndipo mabakiteriya anayakanso. Panthaŵiyo kunali kovuta kupeza mankhwala kapena makina otha kuzindikira okosijeni wochepa chomwecho.

Chifukwa chake nchotani kuŵala kwa tizilomboti kuli mboni yodalirika? Nchakuti mphamvu imene timayatsira kuunika kwathu kobiriŵira imachokera ku mtsinje womwewo umene timapumira ndi kudyera. Ndi monga nyale ya njinga yoyendera dayinamo: wopalasa akatopa, nyale imazilala, ndipo amene ali patali amadziŵa kuti mnzathuyo zamuvuta ngakhale sakumuona nkhope. Chilichonse chimene chivulaza selo la bakiteriya, kaya ndi mtovu, kaya mankhwala ophera tizilombo, kaya zotsukira za m'fakitale, chimachepetsa mphamvuyo, ndipo kuŵala kumatsika m'mphindi zoŵerengeka.

M'chaka cha 1979, Anthony Bulich wa kampani ya Beckman ku California anafotokoza muyeso wozikidwa pa mfundo imeneyi, umene unagulitsidwa ndi dzina lakuti Microtox. Luso lake lalikulu linali m'kasungidwe. Mabakiteriya a m'nyanja, a mtundu umene kwa zaka zambiri unkadziŵika kuti Vibrio fischeri, amaumitsidwa m'chisanu choopsa mpaka asanduke ufa, ndipo amatha kukhala m'firiji miyezi yambiri ali ngati akufa. Tsiku loyesa, katswiri amathira madzi pa ufawo ndipo tizilombo timadzuka ndi kuyamba kuŵala. Madzi okayikitsa aja amathiridwa mchere pang'ono, magawo 2 pa 100, popeza tizilomboti kwathu ndi kunyanja yamchere, ndipo zonse zimasungidwa pa madigiri 15. Makina amaŵerenga kuŵala poyamba, naŵerenganso patapita mphindi 5, 15 kapena 30. Ngati kwatsika ndi theka m'madzi osungunulidwa kwambiri, ndiye kuti chiphe chake nchamphamvu. Ntchito ya masiku anayi inasanduka ya theka la ola, ndipo m'malo mwa nsomba khumi, mboni zinakhala tizilombo pafupifupi miliyoni m'kabotolo kochepa ngati chala.

Chimene chinafulumizitsa maiko a ku Ulaya kulabadira alonda amoyo chinali ngozi. Usiku wa pa 1 Novembala 1986, chaka chomwecho chimene mbalame zinachotsedwa m'migodi, nyumba yosungiramo mankhwala ya kampani ya Sandoz pafupi ndi Basel ku Switzerland inapsa. Madzi ozimira moto anakokolola matani ambiri a mankhwala a zaulimi kuloŵa nawo mumtsinje wa Rhine, umene unasanduka wofiira. Mikunga ndi nsomba zina zinafa pa mtunda wa makilomita mazanamazana, ndipo mizinda ya ku Germany ndi Netherlands inaleka kupopa madzi akumwa mumtsinjewo. Pambuyo pake maiko a m'mbali mwa Rhine analimbitsa malo olondera madzi usana ndi usiku, ndipo m'malo ambiri otere madzi a mumtsinje amadutsa m'timatanki mmene muli tizilombo ta m'madzi tonga utitiri, nkhono zimene zimatseka zigoba zikamva choipa, kapena mabakiteriya oŵala aja. M'chaka cha 1998 muyeso wa mabakiteriya unalembedwa kukhala muyeso wovomerezeka pakati pa maiko, wodziŵika ndi nambala yakuti ISO 11348.

Komatu mlonda ameneyu ali ndi chilema chofanana ndi cha mbalame ija. Amakuuzani kuti kunja kwaopsa, koma sakuuzani dzina la mdani. Kuti mlonda atchule dzina, panafunika kuloŵa m'kati mwa selo lenilenilo.

M'selo lililonse muli malangizo a chibadwa, olembedwa pa ulusi wotchedwa DNA. Kachigawo kamodzi ka malangizoŵa asayansi amakatcha jini, ndipo tikachuluka amati majini. Omvera asasokoneze ndi majini a mizimu aja, ndi mawu ongofanana kamvekedwe. M'chaka cha 1983, Joanne Engebrecht, Kenneth Nealson ndi Michael Silverman, ku California, anadula majini opanga kuŵala kuchokera mwa Vibrio fischeri nawasamutsira mwa bakiteriya wamba wa m'matumbo, Escherichia coli, amene chibadwire sanaŵalepo. Iye anayamba kuŵala. Kuyambira pamenepo nyale inakhala chinthu chotheka kuzula ndi kukaika m'nyumba ina, ndiponso chotheka kulumikiza ku swichi imene munthu wasankha.

Maswichi oterowo mabakiteriya ali nawo kale. Tizilomboti takhala m'nthaka ndi m'madzi kuyambira kalekale, ndipo tili ndi njira zodzitetezera ku ziphe zambiri, ndi zodyera zinthu zimene kwa ife ndi poizoni. Popeza kusunga zida zimenezi zili zoyaka nthaŵi zonse kukanakhala kuononga mphamvu, jini iliyonse yotere ili ndi mlonda wapakhomo amene amaitsegula pokhapokha chinthu chake chikafika. Gulu la Gary Sayler pa yunivesite ya Tennessee ku America linatenga bakiteriya wa m'nthaka wotha kudya naphthalene, chinthu chopezeka m'phula la malasha ndi m'mafuta ena, chomwe chija chimanunkha m'timibulu toyera toika m'masutikesi kuthamangitsa njenjete. Iwo analumikiza majini a kuŵala ku swichi ya naphthalene, ndipo m'chaka cha 1990 analengeza za bakiteriya wawo, amene anamutcha HK44. Ameneyu amakhala mumdima kufikira atalaŵa naphthalene, ndipo akamulaŵa amayaka. Chikachuluka chinthucho, kuŵalanso kumachuluka. Taonani kusiyana kwake: mlonda woyamba uja amazima akadwala, pamene uyu amayaka akazindikira.

M'chaka cha 1994 gulu lomwelo linachita chinthu chimene chinapereka maonekedwe enieni a chida chimene m'Chingerezi amati biosensor, ndiko kunena chida choyezera chimene mbali yake ina ndi yamoyo. Anasakaniza mabakiteriyawo ndi phala lolimba lochokera ku ndere za m'nyanja, nalimata ku nsonga ya chingwe chonyamula kuŵala. Phalalo limatsekera tizilombo kuti tisathaŵe, koma limalola madzi ndi mpweya kuloŵa. Nsonga imaviikidwa m'madzi otayidwa amene akuyenda, kuŵala kumakwera m'chingwe, ndipo kumtunda kuli diso lamagetsi lotha kuŵerenga kuunika kochepa kumene diso la munthu silingaone, nkukusandutsa nambala. Ena pambuyo pake anachita zomwezo ndi ulusi wagalasi, wonga umene lero umanyamula intaneti pansi pa nthaka. Mu 1996 boma la America linalola kuti HK44 ayesedwe panja, m'matanki akuluakulu achitsulo okwiriridwa pansi ndi kudzazidwa dothi loipitsidwa, ku Oak Ridge. Panthaŵi yomweyo kunabwera nyale yachiŵiri, puloteni yobiriŵira imene Osamu Shimomura anaipeza mu 1962 m'cholengedwa china cha m'nyanja ndipo Martin Chalfie anaisamutsira m'zamoyo zina mu 1994. Aŵiriŵa, pamodzi ndi Roger Tsien, analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Nyale imeneyi siyaka yokha, imafuna kuunikiridwa ndi kuŵala kwabuluu, koma ndi yosavuta kuika m'maselo a mitundumitundu.

Kodi zonsezi zinathandiza munthu wamba? Malo abwino ofunsira funsoli ndi Bangladesh. M'zaka za m'ma 1970 ana ambiri a m'dzikolo ankafa ndi kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba chifukwa chomwa madzi a m'maiŵe. Boma, mothandizidwa ndi UNICEF ndi mabungwe ena, linalimbikitsa mijigo, ndipo anthu nawonso anakumba yawoyawo mpaka inafika mamiliyoni. Imfa za ana zinatsika. Koma palibe amene anayeza madziwo kuti aone ngati muli arsenic, chiphe chachilengedwe chimene chili m'dothi lokokoloka kuchokera ku mapiri a Himalaya, ndipo chimasungunukira m'madzi apansi mmene mulibe okosijeni. Chilibe fungo ndipo sichimveka kukamwa. Chimadikira zaka zisanu, khumi kapena kupitirira, kenaka khungu limayamba mathotho akuda, zikhato ndi mapazi zimalimba ndi kung'ambika, ndipo ena amadwala khansa ya pakhungu, ya m'chikhodzodzo kapena ya m'mapapo. Vutoli linatsimikizidwa m'dzikolo mu 1993, ndipo mu 2000 nkhani imene inatuluka m'magazini ya bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, inati anthu apakati pa 35 miliyoni ndi 77 miliyoni anali pangozi. Sitikunena izi kuti wina aope mjigo wa m'mudzi mwake nabwerera kudambo. Mjigo wapulumutsa miyoyo yosaŵerengeka kuno monga unachitira kumeneko, ndipo vuto la Bangladesh linachokera ku mtundu wa dothi la dzikolo.

Muyeso umene WHO inakhazikitsa mu 1993 ndi wakuti arsenic asapitirire mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi. Kuti timvetse kuchepa kwake, ndi ngati magalamu 10 osungunulidwa m'migolo 5,000 ya malita 200. Dziko la Bangladesh linasunga muyeso wa 50. Chovuta china nchakuti mjigo wina ukhoza kukhala wabwino pamene wa khomo loyandikana nalo uli ndi chiphe, motero uliwonse uyenera kuyezedwa pawokha. Makina a m'labotale amayeza molondola, koma ndi okwera mtengo, amafuna magetsi, ndipo ali m'mizinda. Choncho oyeza anayenda m'midzi ndi timabokosi ta mankhwala. Ankathira asidi ndi zinki m'madzi, ndipo arsenic ankatuluka ngati mpweya, umene nawonso ndi poizoni, nudetsa kapepala konyikidwa m'mankhwala a mercury. Mjigo wopezeka woipa unkapakidwa utoto wofiira pa mlomo wake, wabwino utoto wobiriŵira. Mu 2002 akatswiri a ku yunivesite ya Jadavpur ku Kolkata anasonyeza kuti timabokosi toyambirira tinkalakwa kaŵirikaŵiri, ndipo mijigo yambiri inali ndi utoto wolakwika. Taganizirani mayi amene wasiya mjigo wabwino wa pakhomo pake chifukwa wapakidwa wofiira, nayenda mtunda kukatunga pa wobiriŵira umene uli ndi chiphe.

Apa mpamene Jan Roelof van der Meer ndi anzake ku Switzerland analoŵererapo. Mabakiteriya ambiri ali ndi jini yopopera arsenic kunja kwa selo, ndipo pakhomo pa jiniyo pamakhala puloteni yotchedwa ArsR, imene imagona pa ulusi wa DNA ngati chipika chopingasa njira. Arsenic akaloŵa m'selo amamatirira ku puloteniyo, iyo imasiya ulusi, ndipo njira imatseguka. Ofufuzawo anaika majini a kuŵala kuseri kwa chipikacho, ndipo mu 2003 anafotokoza za Escherichia coli amene amayaka akamwa madzi a arsenic, ngakhale ochepa kufika pa muyeso wa WHO uja. Mu 2005 anamuyesa pa madzi a zitsime 194 za m'zigwa za Red River ndi Mekong ku Vietnam, ndipo mayankho ake anagwirizana ndi a makina a m'labotale pa zitsime pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse. Anaphunziranso kanthu kamene sikakanaoneka m'madzi oyera a m'labotale: madzi apansi okhala ndi chitsulo chambiri akakumana ndi mpweya amachita dzimbiri, dzimbirilo limagwira arsenic ndi kumubisa, ndipo bakiteriya amayankha kuti zonse zili bwino. Anayenera kuyamba athira kaasidi pang'ono m'madzi kuti chiphecho chimasuke. Pambuyo pake, mogwirizana ndi akatswiri a ku Leipzig ku Germany, anapanga kabokosi kotchedwa ARSOlux, ka timabotolo totsekeratu tokhala ndi mabakiteriya ouma. Woyeza amabaya chitsekerero ndi jekeseni kuloŵetsa madzi, nadikira maola ngati aŵiri, naika kabotolo m'kamakina konyamula m'manja. Zotsatira za kuyesedwa kwake m'midzi ya ku Bangladesh zinasindikizidwa mu 2012, ndipo zinali zolimbikitsa.

Ngakhale zili choncho, tiyenera kunena mosabisa kuti alonda oyaka ameneŵa sanafalikire monga mmene oyambitsa ake ankayembekezera. Chinthu chamoyo chili ndi zofuna zake. Chimafooka ndi kutentha, ndipo maiko amene akuchifuna kwambiri ndi otentha, kumene firiji ndi magetsi sizipezeka paliponse. Gulu la tizilombo lopangidwa mwezi uno silingaŵale chimodzimodzi ndi la mwezi wamaŵa, choncho tsiku lililonse loyeza pamafunika kuyamba ndi madzi a muyeso wodziŵika kuti muyerekezere. Madzi amatope kapena amtundu amatchinga kuŵala. Ngati m'madzi muli chiphe china champhamvu chimene chapha tizilombo tonse, kabotolo kamakhala mumdima, ndipo wosadziŵa angaganize kuti madziwo ndi abwino. Nchifukwa chake oyeza osamala amaika pambali kabotolo kena kothiridwa dala arsenic, kuti aone ngati mlonda akadali moyo. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo. Bakiteriya wosinthidwa chibadwa saloledwa kungonyamulidwa kudutsa malire kapena kutayidwa paliponse. Pangano la Cartagena, limene linayamba kugwira ntchito mu 2003, pamodzi ndi malamulo a dziko lililonse, zimafuna chilolezo, ndipo timabotolo togwiritsidwa kale ntchito timayenera kusonkhanitsidwa ndi kuphedwa tizilombo take tisanatayidwe. Makampani ambiri anaona kuti mavuto ameneŵa ndi ochuluka kuposa phindu.

Motero mabakiteriya a m'nyanja aja, amene sanasinthidwe kanthu ndipo amangozilala akadwala, ndiwo amene akugwira ntchito tsiku ndi tsiku m'malabotale oyeza madzi otayidwa ndi mafakitale, pamene abale awo otchula dzina la chiphe ambiri akadali m'manja mwa ofufuza. Ku Bangladesh, mijigo pafupifupi mamiliyoni 5 imene inayezedwa m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 inayezedwa ndi timabokosi ta mankhwala, timene pambuyo pake tinakonzedwa kuti tizilondola bwinopo. Utoto wa pa mijigo yambiri unasuluka ndi mvula ndi dzuŵa m'zaka zochepa, ndipo m'zaka zotsatira mabanja anapitiriza kukumba mijigo yatsopano, yambiri mwa iyo nkuyamba kumwedwa isanayezedwe.